Filimu ya zidole ya Khirisimasi inaliza amayi anga, koma a pakauntala ndakwiya nawobe

Nditangofika kunyumba Loweruka lija ndinkafuna kupereka nyenyezi imodzi basi. Ndadikira kuti mtima ukhale pansi ndisanalembe, koma zimene anatichita ogwira ntchito pa holo ya kanema ya m'tauni mwathu muno sizinandichoke.

Ankaonetsa The Muppet Christmas Carol 2 koloko masana, monga amachitira maholo ambiri kuno ku England Disembala akalowa. Matikiti ndinagula pa intaneti kutatsala masabata awiri: mipando inayi yondondozana, mzere wa H, moyandikana ndi kanjira, dala chifukwa amayi anga bondo lakumanzere limawavuta ndipo amafuna potambasulira mwendo. Abwera kuchokera ku Ntcheu kudzatiyendera, ndipo chibadwire anali asanalowepo mu holo ya kanema. Mapaundi 34, osawerengera mbuliuli zomwe mtengo wake mukuudziwa kale. Ine ndinali nditagwira ntchito usiku wonse kunyumba ya okalamba, ndinangogona maola atatu n'kudzuka kuti ndikwaniritse zomwe ndinalonjeza ana.

Tikulowa, tinapeza pamipando yathu pakhala banja lina. Anationetsa matikiti awo, mzere womwewo, manambala omwewo. Iwo sanalakwe kanthu, tonse tinalipira. Ndinatuluka kukauza mnyamata wa pakhomo, ndipo foni yanga sanaiyang'ane n'komwe, anangoloza kukauntala. Mtsikana wa pakauntala anali pamacheza ndi mnzake, anandisiya chiimire mpaka nkhani yawo itatha. Atandimva anati makina asokoneza, iye palibe chimene angachite, mipando yotsala ndi itatu kutsogolo kwenikweni ndi umodzi kumbuyo pakona. Ndinamufotokozera za bondo la amayi, ndinamuuzanso kuti Chingerezi amangotolako mawu apa ndi apo, ndiye ndiyenera kukhala pambali pawo kuti ndiziwanong'oneza zomwe zikuchitika. Yankho lake linali lakuti mu holo salola kuyankhula. Kenaka anawayang'ana amayi kuyambira pampango wa kumutu mpaka kunsapato, n'kundiuza kuti ngati sindikukhutira ndikalembe dandaulo pa intaneti. Mawu akuti pepani sanatuluke pakamwa pake. Nditapempha kuonana ndi bwana wake, akuti wapita kukadya.

Chimene chinandipweteka koposa ndi chakuti amayi anaona zonsezo. Chilankhulo sanachimve koma kunyozedwa anakumva. Anandigwira mkono n'kunena chapansipansi, "Basi mwanangu, tiyeni tizipita, tisachititsepo manyazi pano." Munthu wamkulu wa zaka 68, wavala chitenje chake chabwino chomwe amasungira kutchalitchi, akupepesa chifukwa cha kulakwa kwa anthu ena. Wamng'ono wanga wa zaka 6 anali atayamba kale kulira chifukwa nyimbo zinkamveka mkatimo.

Amene anatithandiza sanali wa pakampanipo. Titabwerera mumdima muja n'kuima m'mbali osadziwa kolowera, mayi wina wachizungu amene anakhala mzere wakumbuyo kwa H anadzuka, n'kuuza anyamata ake awiri ndi mwamuna wake kuti apite kutsogolo kuja. Wamng'ono ndinamukhazika pamiyendo. Nyimbo yoyamba inali itatipita.

Kuyambira pamenepo zinthu zinasintha, ndipo apa ndiyenera kunena zoona ngakhale ndili wokwiya.

Amayi poyamba sanasangalale. Ataona achule, nkhumba ndi makoswe zikuyenda mumsewu wa London wakalekale zitavala majekete ndi zipewa, anandifunsa, "Ndalama zonse zija mwalipirira zidole?" Koma nditawanong'oneza kuti bambo wankhope yokwinya uja, Scrooge, ntchito yake ndi kukongoza anthu ndalama n'kumawathamangitsa m'nyumba akalephera kubweza, ngakhale pa Khirisimasi, anangoti, "Oho, wakatapila." Kuchokera apo sanafunenso kumasuliridwa kwambiri. Munthu wotere amamudziwa. Pamene makoswe olemba mabuku a ndalama anapempha kuti awonjezereko malasha pamoto chifukwa akuzizidwa, bwana n'kuwaopseza ndi ulova, iwo nthawi yomweyo n'kuyamba kuvina ngati kukutentha, amayi anaseka mpaka kugwetsa mbuliuli. Anati aliyense amene anagwirapo ntchito pa munthu wouma manja kuvina kumeneko anavinapo.

Chimene sindinayembekeze ndi khamu la anthu. Ndinkaganiza kuti mudzaza ana, koma oposa theka anali akuluakulu, ena opanda mwana ngakhale mmodzi, atavala majuzi a Khirisimasi. Filimuyi inatuluka mu 1992, ndiye ambiri mwa iwo anakula nayo ndipo amaidziwa pamtima. Pamene Gonzo, amene amasewera ngati wolemba nkhaniyi Charles Dickens, anayatsa mchira wa khoswe Rizzo m'malo moyatsa nyale, holo yonse inanenera pamodzi mawu a khosweyo iye asanamalize. Mizukwa ya abale awiri a Marley, omwe ankachita bizinesi limodzi ndi Scrooge asanamwalire, itatulukira ndi maunyolo awo, anthu anaimba nawo mokweza, bambo wina wadazi kutsogolo kwathu akugwedeza mapewa ngati ali paukwati. Ndiye mtsikana uja ankati mu holo salola kuyankhula. Ana anga anayang'ana uku ndi uku kudabwa kuti akuluakulu akuchita zotere, kenaka nawonso analowerera ngakhale mawu sankawadziwa.

Kalulu wamng'ono woimba nyimbo za Khirisimasi pakhomo la Scrooge, amene anagendedwa ndi nkhata yamasamba, pambuyo pake n'kuoneka akunjenjemera atadzikulunga m'manyuzipepala, anachititsa holo yonse kubuula. Wamkulu wanga wa zaka 10 anandifunsa ngati wina amutenga. Ndinamuuza adikire.

Makolo ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Filimuyi ili m'gulu la U, kutanthauza kuti ndi ya aliyense, koma mwa mizimu itatu imene imamuyendera Scrooge usiku, mzimu wachitatu, wa Khirisimasi zam'tsogolo, ndi woopsa ndithu. Ndi chinthu chachitali chovala chinsalu chotuwa, chopanda nkhope, chosayankhula, chimangoloza ndi chala. Ngakhale Gonzo ndi Rizzo, amene amakhala akuseketsa anthu kuyambira pachiyambi, amatsanzika pamenepa n'kunena kuti tionana kumapeto chifukwa zafika poopsa. Wamng'ono wanga anachoka pamiyendo panga n'kukabisa nkhope pachifuwa cha agogo ake. Ana awiri kapena atatu anatulutsidwa akulira. Amayi anachiyang'anitsitsa chinthucho n'kunena, "Ichi ndiye chilombo," n'kumufunditsa mwanayo chitenje.

Kenaka panabwera chimene chandichititsa kulemba zonsezi. Mzimu uja umamutengera Scrooge kunyumba ya wantchito wake Bob Cratchit, amene ndi chule Kermit. Poyamba tinali titaiona nyumbayi ili ndi phokoso, mkazi wake, nkhumba Miss Piggy, akuphika, ana aakazi ali tinkhumba, aamuna ali tiachule, kamwana kodwala Tiny Tim kakutsokomola koma kakuimba. Tsopano muli zii. Kermit akulowa kuchokera kumanda, akuuza mkazi wake kuti wamusankhira mwanayo malo pachitunda pomwe pamaoneka abakha a mumtsinje, chifukwa ankakonda kuwaonerera. Kenaka akutionetsa kampando kopanda munthu ndi kandodo koyendera kali pomwepo.

Holo ija, yomwe mphindi zingapo m'mbuyomo inkaimba, inangoti chete. Ngakhale pepala la mbuliuli silinamveke. Bambo wadazi uja anavula magalasi. Amayi anandifinya dzanja n'kufunsa, "Kamwana kaja kapita?" Ndinangogwedeza mutu. Sindinawamasulire za abakha, koma anayamba kulira, misozi yeniyeni, osabisa. Ine ndisanabadwe amayi anataya mwana wamwamuna, mlongo wanga, ndi malungo ali ndi zaka 4. Nkhani imeneyi saikamba, ine ndinaimva kwa azakhali. Sindinaganizepo kuti chidole cha chule chopangidwa ndi nsalu yobiriwira chingafike pamalo pamene ife ana awo timaopa kufikapo. Mayi wachizungu uja, osanena kanthu, anawapatsa tishu, ndipo iye mwini ankapukutanso maso. Anthu awiri osamvana chilankhulo anakhala choncho mpaka gawolo litatha.

Ndakhala ndikuganiza chifukwa chake zidole zinatha kuchita zimenezi. Kwa ine ndi Michael Caine, amene ndi Scrooge. Bamboyu sasekerera ngakhale kamodzi kuti akuyankhula ndi zidole. Amakalipira khoswe ngati akukalipira munthu, amalira pamanda ngati ali m'sewero lalikulu la akuluakulu, ndipo chifukwa iye wazitenga kukhala zenizeni, nawenso umazitenga choncho. Mawu ambiri amene Gonzo amanena ndi ochokera m'buku lenileni la Dickens la 1843, sanawapeputse kuti akomere ana. Komanso anthu amene anapanga filimuyi anali pachisoni iwo eni. Jim Henson, amene anayambitsa zidolezi ndipo ndiye ankayankhulitsa Kermit, anamwalira mu 1990. Mwana wake Brian Henson ndiye anatsogolera filimuyi, yoyamba kuitsogolera, ndipo Kermit anayankhulitsidwa ndi Steve Whitmire. Anaipereka pokumbukira Jim Henson ndi mnzawo Richard Hunt, amene anamwalira mu 1992 momwemo. Ukadziwa zimenezi, mawu a Kermit okamba za kusiyana ndi wokondedwa umawamva mwina.

Si zonse zomwe ndinakonda. Mzimu woyamba, uja wooneka ngati kamwana koyandama mumlengalenga, nkhope yake ndi yosasangalatsa kuyang'ana, ndipo gawo la ubwana wa Scrooge linawatopetsa ana anga. Michael Caine si woimba, nyimbo yake yakumapeto imamveka kuti akuyesetsa. Sipika ya kumanzere mu holomo inkachita phokoso nyimbo iliyonse ikakwera, chomwe ndi vuto la eni holo, osati la filimu. Ndipo potuluka mayi uja anandiuza modandaula kuti aonetsa yodula: pa tepi ya vidiyo yomwe anali nayo ali mwana munali nyimbo ya Belle, chibwenzi cha Scrooge, yotchedwa When Love Is Gone, yomwe akuluakulu a Disney anaichotsa poonetsa m'maholo poganiza kuti ana atopa nayo. Ndaipeza pa Disney+, pomwe anaikapo filimu yathunthu mu 2022, ndipo mayiyo akunena zoona. Popanda nyimboyo kusiyana kwa awiriwa kumachitika mothamanga, ndipo nyimbo yomaliza ya filimu, yomwe imayankha imeneyi, imasowa chomwe ikuyankha. A holo sanalembe paliponse kuti aonetsa iti.

Kumapeto, Scrooge atadzuka m'mawa wa Khirisimasi n'kutuma kalulu uja kukagula nkhukundembo yaikulu, wamkulu wanga anandigunda ndi chigongono kuti kalulu wakumbukiridwa. Gonzo atanena kuti Tiny Tim sanamwalire, ndinawanong'oneza amayi mwachangu. Anati, "Zoona?" n'kuyamba kuomba m'manja okha filimu isanathe. Anthu oyandikana nafe anatembenuka, ena n'kuseka mokoma, ndipo posakhalitsa holo yonse inkaomba nawo. Filimu ya mphindi pafupifupi 85 koma amayi anatuluka akufunsa ngati pali ina.

Pakauntala paja tinamupezanso mtsikana uja, anatiyang'ana n'kuyang'ana kumbali. Dandaulo ndinalemba usiku womwewo, ndinaika chithunzi cha matikiti athu ndi nambala yomwe ananditumizira nditalipira. Patha masiku 9, chomwe ndalandira ndi imelo ya makina yondithokoza chifukwa cholemba. Sindikufuna ndalama zonse, filimu tinaonera. Ndikufuna munthu wina pakampanipo avomere kuti anagulitsa mipando kawiri ndi kuti wantchito wawo analankhula mosayenera kwa munthu wachikulire wovutika kuyenda.

Ndiye ndikupereka nyenyezi zitatu: ziwiri za filimu, imodzi ya mayi amene anasamutsa banja lake chifukwa cha ife, amene ngakhale dzina lake sindinafunse. Ngati mukupita ndi agogo kapena munthu wovutika miyendo, fikani kutatsala mphindi 30 ndipo mukakhale pampando wanu magetsi asanazime, chifukwa zikasokonekera a pakauntala sakuthandizani. Wa zaka zosakwana 6 akhale pafupi nanu pa mzimu wachitatu. Ife tioneranso pa 24 Disembala, koma kunyumba, yathunthu ija. Amayi auza kale mng'ono wawo ku Ntcheu pa WhatsApp nkhani yonse ya wakatapila ndi kachule kodwala, ndipo andiuza kuti ulendo uno ndiwamasulire mawu onse a Kermit, kuphatikizapo za abakha zomwe ndinawabisira.