Thupi likatentha pa koleji: WhatsApp, famase, 54747 kapena kiliniki?

Anzathu a unamwino pa KUHeS nkhani za umoyo ndi maphunziro awo. Enafe a pa Bunda, pa NRC ndi m'makoleji ena mu Lilongwe muno Chingerezi timachidziwa ndithu, koma tikadwala timasankha kofunsa poyang'ana ndalama ya basi, bandulo ndi manyazi.

Gulu la WhatsApp ndiye lachangu kuposa zonse. Mukalemba kuti mutu ukuwawa ndipo mukumva kuzizidwa, nthawi yomweyo wina wayankha kale: "Amenewo ndi malungo aise, ndili ndi LA wotsala." LA wotsala akuchokera kuti? Ndiye kuti mwini wakeyo sanamalize. Mankhwalawa amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amalowa bwino m'thupi mukamwera pa chakudya chamafuta, kaya mkaka kaya chiponde. Komanso kutentha thupi si malungo nthawi zonse, taifodi imayamba chimodzimodzi. Ena m'magulumu amalimbikitsabe Fansidar, pomwe Malawi adasinthira ku LA mu 2007. Fansidar masiku ano ndi wa amayi oyembekezera, wowateteza, osati wochiza.

Famase ili bwinoko chifukwa mumalankhula ndi munthu amene anaphunzira za mankhwala, bola ikhale yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira za mankhwala, osati benchi ya mumsika pamene makapisozi amawotha dzuwa tsiku lonse. Vuto lake ndi ife tomwe. Timalowa titaganiza kale: "Mundipatse amoxicillin wa chimfine." Chimfine chimayamba ndi mavairasi, amoxicillin amapha mabakiteriya, ndiye ndalama yangopita, ndipo tizilombo tikuzolowera mankhwalawo. Kumbukiraninso kuti famase ndi bizinesi. Yabwino imakufunsani mafunso, nthawi zina n'kukubwezani kuti mukayezetse kaye. Imene imangotambasula dzanja ithaweni.

Chipatala Cha Pa Foni ambiri sachidziwa, kapena amachiyesa cha amayi akumudzi okha. Chidayambiradi ku Balaka mu 2011 ndi nkhani za uchembere, koma pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo ndipo chimayankha za umoyo zosiyanasiyana. Mumaimba 54747 pa Airtel kwaulere, azaumoyo n'kukuyankhani m'Chichewa. Kwa ine, iyi ndiyo njira yoposa pa mafunso amene pakamwa pamalemera: kumva kuwotcha pokodza, kuchedwa kwa msambo, kuiwala mapiritsi olera. Palibe amene akukuonani nkhope. Koma pa foni sangakubooleni chala.

Kuyeza kumachitika ku kiliniki basi. Kadontho ka magazi pa kachipangizo kaja, mphindi 15 kapena 20, mwadziwa ngati ali malungo. Chimene chimatithawitsa pa kiliniki ya pa sukulu si mankhwala ayi, ndi mzere. Mwakhala pa benchi ndi buku lanu la kuchipatala m'manja, pambali panu pali wa m'kalasi mwanu, maso ali pa chitseko chimene mulowe. Ngati zimenezo zikukuvutani, kuli Bwaila, kulinso Lighthouse pa Kamuzu Central, kumene amathandiza za HIV. Wa pa Bunda ayenera kuwerengera ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera, n'chifukwa chake ambiri amati adikira kaye aone ngati zisinthe.

Pali nkhani imodzi imene kudikirako kumapweteketsa, ndipo m'magulu a WhatsApp amaisokoneza kwambiri. Kondomu ikaphulika, mapiritsi angozi oletsa mimba ndi PEP ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mapiritsi aja, amene mungagule ku famase, amateteza mimba yokha, HIV sakhudzana nayo. PEP ndi ma ARV omwa masiku 28 kuti musatenge HIV, ndipo ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, makamaka tsiku lomwelo. Amakuyezani kaye asanakupatseni, choncho apa famase ndi foni sizingalowe m'malo mwa chipatala. Zikachitika Lachisanu usiku, inu n'kunena kuti mupita Lolemba mukatuluka m'kalasi, nthawi imakhala yatsala pang'ono kutha, ndipo mphamvu ya mankhwalawo imachepa mukamachedwa. Loweruka m'mawa kwerani basi.