Ku Bergen: Za Mzinda Kapena za Asodzi?

Mukafika ku Bergen, m'dziko la Norway, nthawi n'kukhala yochepa, mudzayenera kusankha pakati pa nyumba ziwiri zosungiramo zinthu zakale.

Bryggens Museum inamangidwa pamalo amene akatswiri anakumba moto wa mu 1955 utawononga mbali ina ya doko. Mumaona maziko a nyumba zamatabwa za m'zaka za m'ma 1100 ali pomwe anapezeka, komanso timitengo tolembedwa zilembo zamakedzana, tina tosonyeza mwini katundu, tina tonena za chikondi. Kumeneku kumafunika munthu wodekha, wokonda kuwerenga.

Norges Fiskerimuseum, nyumba ya za usodzi, ili ku Sandviken, dera la mumzinda womwewu, m'nyumba zakale zosungiramo katundu m'mphepete mwa nyanja. Uku ndiye ana amasangalala, poti zambiri n'zogwira ndi kuyeserera, osati zongoyang'ana. Mumamvanso za nsomba zouma zochokera kumpoto kwa dzikolo, zimene amalonda a ku Germany ankagula n'kukagulitsa m'maiko ena a ku Ulaya kwa zaka mazanamazana. Bergen analemera nazo nsomba zimenezi.

Ineyo nditakhala ndi ana, ndingalunjike ku Sandviken mosazengereza. Koma ndili ndekha, timitengo tija ndingatiyang'ane mpaka alonda atanditulutsa.