Kobiri la Druid: lodinda, lachikombole lakale, kapena lachikombole la masiku ano?

Ofuna kugula makobiri akale a ku Britain amakonda kufunsa za atatuwa, poti pa chithunzi amafanana ngati mapasa.

Royal Mint, fakitale ya boma la Britain yopanga ndalama, itasiya kupanga makobiri amkuwa mu 1775, tchenji chinasowa. Mu 1787 kampani ya migodi ya mkuwa ya Parys Mine, ya pa chilumba cha Anglesey ku Wales, inayamba kudinda akeake, mutu wa Druid (wansembe wa anthu akale a ku Britain) mbali imodzi, zilembo PMCo mbali inayo. Anthu ankagulira zinthu za tsiku ndi tsiku, ndipo akathyali sanachedwe kupanga abodza.

Lodinda lenileni ndi losavuta. Peni imalemera pafupifupi magalamu 28, zilembo zake n'zakuthwa, m'mphepete muli mawu akuti ON DEMAND IN LONDON LIVERPOOL OR ANGLESEY. Ukaliyika pa nsonga ya chala n'kuligogoda pang'ono, limalira nthawi yaitali.

Lachikombole lakale ndi labodza, inde, koma linayendadi m'manja mwa anthu, choncho lili ndi mtengo wake. Wachinyengo ankasindikiza kobiri lenileni mu mchenga wonyowa wa chikombole cha mbali ziwiri, n'kuthiramo mkuwa wosungunula. Mkuwa ukamazizira umanyala, n'chifukwa chake limachepa pang'ono m'lifupi komanso pa sikelo. Mpweya wotsekeredwa umasiya timaenje, mchenga umasiya khungu lokhakhala, zilembo zimaoneka zofufuma.

Pogona nkhani ndi m'mphepete. Mawu a pamenepo ankawalemba ndi makina, ndipo chikombole cha mbali ziwiri sichiwatenga bwino, chifukwa mpomwe mbali ziwirizo zimakumana. Pamatsala mzere wa msoko ndi chipsera cha pomwe mkuwa unalowera. Achinyengo ankapala msokowo ndi tupa, ndiye yang'anani ndi galasi lokulitsa ka 10. Pa lakale, mikwingwirima ya tupa inafafanizika ndi kuyenda m'matumba, ndipo mtundu wake ndi umodzi ndi kobiri lonse. Pa la masiku ano ndi yakuthwa, nthawi zina mkati mwake mukuwala.

Lachitatuli ndiye lopsetsa mtima, chifukwa ena amaligulitsa ngati lachikombole lakale. Amalidetsa ndi mankhwala, koma kudako kumakhala kofanana paliponse, pomwe lakale limayererako pa tsaya la Druid, malo amene zala zimakhudza. Ena amathira chitsulo chofewa chotuwa n'kukuta mkuwa pamwamba. Pomwe lakalika pamaoneka kutuwako. Wogulitsa akakana kutumiza chithunzi cha m'mphepete ndi kulemera kwake pa sikelo yoyeza mpaka magalamu 0.01, musataye naye nthawi.

Pa okushoni, mtengo womwe mwapambanira si womaliza. Eni okushoni amawonjezera gawo lawo, nthawi zambiri loposa 20 pa 100, kenako ya positi.

Woyamba kumene agule lodinda. Anadinda ambirimbiri, sasowa, ndipo likhala muyeso wanu woyerekezera. Lachikombole lakale gulani mutaligwira m'manja, kapena kwa wogulitsa amene walemba kuti adzabweza ndalama likapezeka la masiku ano.