Kulowa koleji kudzera ku TEVETA: fizi ndi yopepuka, koma atachimenti ndiyo imagwetsa ana a kuchigwa

Mwana wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje akakhoza MSCE pakhomo palibe ndalama, makolo amauzidwa zinthu ziwiri: akafunsire ngongole ya boma, apo ayi ayambe wadikira. Ngongoleyo, yomwe imaperekedwa ndi bungwe la HESLGB lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, sifikira onse ofunsira, ndipo imabwezedwa. Kudikirako timakudziwa tonse komwe kumathera: mnyamata pa kabaza, mtsikana pabanja. Njira yomwe tikuiunika pano ndi ya maphunziro a ntchito zamanja oyendetsedwa ndi bungwe la TEVETA. Ife tikuti kwa banja losauka la kuno kuchigwa cha Shire palibe njira ina yopezera satifiketi ya ku koleji motchipa kuposa iyi. Koma kutchipako kumanamiza, chifukwa ndalama zambiri sizipita pa fizi, zimapita pa atachimenti, nthawi yomwe mwana amakaphunzirira kuntchito yeniyeni.

TEVETA idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera kwa olemba anthu ntchito, omwe amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Ndiye kuti makampani ngati Illovo ku Nchalo ndi PressCane ku Dyeratu amasonkherako kale maphunzirowa, ndipo mwana wosankhidwa ndi TEVETA amangolipira kagawo ka mtengo weniweni. Chenjerani pano: koleji imodzimodziyo ili ndi makomo awiri. Lina ndi la osankhidwa ndi TEVETA, lina ndi la a paralelo, omwe amalembedwa ndi kolejiyo payokha ndipo amalipira zonse okha. Makolo ena akangoona chikwangwani choti malo alipo amathamangira kukalipira, osadziwa kuti alowera khomo lodula. Funsani mosapita m'mbali kuti, "Malo amenewa ndi a TEVETA kapena a paralelo?"

Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja omwe boma limathandiza ndi asanu ndi awiri: Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Palibe ngakhale imodzi kuchigwa. Yapafupi ndi Soche ku Blantyre, ndipo wochokera ku Nsanje boma ali ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 180, wodutsa ku Bangula, Ngabu, Nchalo mpaka kukwera phiri pa Thabwa. Kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegulanso makoleji a m'madera, otchipirapo koma ambiri opanda malo ogona. Ku ofesi ya zantchito pa boma angakuuzeni yomwe ili pafupi nanu ndi makosi ake.

Kufunsira malo sikovuta. TEVETA imalengeza m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa tsamba lake la intaneti, n'kutchula makirediti ofunika pa kosi iliyonse. Pa makosi a magetsi ndi makina amayang'ana kwambiri Masamu, sayansi ndi Chingerezi. Mufunika kope ya satifiketi ya MSCE kapena kalata ya zotsatira, chiphaso cha unzika, ndi nambala ya foni yomwe imakhala yotsegula. Ngati pali ndalama yolipirira fomu, iperekedwe kokhako komwe chilengezo chatchula, ndipo lisiti lisungidwe. Munthu akakuimbirani kuti mutumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba yake kuti akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba. Zomwe zimalakwika kawirikawiri ndi zazing'ono: dzina la pa chiphaso losiyana ndi la pa satifiketi, kapena nambala ya foni ya a malume omwe ali kudimba kopanda netiweki pa nthawi yomwe mayina akutuluka. Amene mapepala awo adapita ndi madzi pa namondwe Ana mu 2022 kapena pa namondwe Freddy mu 2023 ayambe msanga kukonza za umboni wa zotsatira ku MANEB kudzera kusukulu yomwe adalembera, chifukwa si za tsiku limodzi.

Kalata yoitana mwana ku koleji imabwera ndi mndandanda wa zofunika. Ovolosi ndi nsapato za sefite ndi za pafupifupi aliyense wa mu wekishopu. Womanga amafunika chipande, levulo, sikweya, chingwe ndi tepi. Wa magetsi amafunika pulayazi, tesita ndi masikuludiraiva. Wowotcherera zitsulo asagwire ntchito popanda chotchinga kumaso ndi magolovesi achikopa, ndipo magalasi a dzuwa a pamsika salowa m'malo mwake, amangopweteketsa maso. Zida zakale zogula kwa amisiri a pa Nchalo kapena ku Limbe zimagwira bwino ntchito. Pa nsapato pokha musaumire, gulani zolimba kamodzi.

Tsopano pa atachimenti, pomwe pagona nkhani. Maphunzirowa amagawidwa m'malevulo, ndipo mwana amasinthasintha: miyezi ina m'kalasi ndi mu wekishopu, miyezi ina kuntchito yeniyeni, komwe amalemba zomwe wachita m'buku loti kapitawo azisainira. Popanda buku losainidwa bwino, levulo siitha. Ku koleji yogonera konko mwana amakhala ndi pogona ndi chakudya. Akatuluka kupita ku atachimenti zonsezo zimatha tsiku lomwelo. Afune yekha nyumba ya lendi, ufa, makala, ndiwo, sopo ndi ya minibasi, mwina ku Ndirande kapena ku Bangwe komwe sadziwa munthu. Malo a atachimenti ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira, kotero ena amakhala pakhomo kudikira, ena amadzisakira okha. Mabwana ena amapereka kangachepe, ena sapereka kalikonse, ndipo alipo omwe amasandutsa wophunzira wonyamula matumba a simenti mpaka miyezi kutha osagwirako chipande. Apa ndi pomwe mabanja amalowa katapila, ndiye ngongole yomwe amaithawa ija yabwera ndi chiwongola dzanja choposa cha boma. Kumbali imeneyi dongosololi likadali lopunduka, ndipo ife sitingalibisire.

Chothandiza ndi kusankha kosi poganizira komwe mwana akachitire atachimenti akudya nsima ya pakhomo. Kuchigwa kuli ntchito, kungoti si za kosi iliyonse. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo, Kasinthula ndi Phata imayendera mapampu, mapaipi, magetsi ndi mathirakitala, ndiye okonza makina, owotcherera, a magetsi ndi a mapaipi ali ndi pogogoda. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000, idzafuna amisiri omwewa kwa zaka zambiri. Kukonza mafiriji ndi makina oziziritsa m'nyumba ndi ntchito yomwe ambiri amaiderera, chonsecho kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo wa golosale firiji ikamufera sagona. Sola ndi njinga zamoto nazo zili mudzi uliwonse. Makosi a mu ofesi ndi a kompyuta si oipa, koma malo ake ambiri ali m'tauni, ndiye kwa banja lopanda wachibale ku Blantyre ndi odula ngakhale fizi ikhale yofanana. Ubwino wina wa makosi a zida ndi woti mwana akatha levulo yoyamba amayamba kupeza maganyu a patchuthi, monga kuwotcherera mafelemu a mawindo kapena kumanga chimbudzi, ndipo ndalama ya levulo yotsatira imachokera pomwepo. Kampani musadikire kuti ikuitaneni. Mwana atenge kalata ya ku koleji, akaipereke yekha miyezi iwiri kapena itatu nthawi isanakwane, m'malo angapo.

Mitengo sititchula, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chiwerengero chilichonse chimakalamba msanga. Werengerani m'zinthu. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limamukwanira munthu mmodzi miyezi itatu kapena inayi, choncho matumba awiri opatulidwa pokolola kudimba, othiridwa mankhwala, achotsa vuto la ufa wa atachimenti yonse. Ndalama ya thonje ndi chitowe imabwera pakatikati pa chaka, ndipo ya fizi ipatulidwe tsiku logulitsalo, isanalowe m'nyumba. Mbuzi zogulitsa mu Januwale ndi Febuluwale zimapita motaya, popeza aliyense akugulitsa kuti agule chakudya. Musadalirenso kuti ng'ombe idzagulitsidwa sabata yotsegulira sukulu. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, a zaulimi amatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuziyendetsa, ndipo kuno zimachitika kawirikawiri. Ku banki m'khonde, gwiritsani ntchito masheya anu pogawana, osati ngongole ya mwezi ndi mwezi. A kutsidya kwa Shire, ku Makhanga ndi ku Muona, awonjezereponso za ulendo, poti nthawi ya mvula msewu wa kutsidyako wotulukira pa Thabwa umaduka ndipo mwana ayenera kunyamuka masiku angapo sukulu isanatsegulidwe.

Mabasale a ophunzira osowa amapezeka, ena a TEVETA, ena a mabungwe ndi mipingo, ndipo atsikana olowa makosi monga a magetsi ndi zomangamanga amakhala ndi mwayi woposa. Koma ndi ochepa, amatha kuchedwa, ndipo ambiri amalipira fizi yokha. Funsani sabata yoyamba ku ofesi ya koleji, muli ndi kalata ya a mfumu ndi ya ofesi yosamalira anthu kwa DC. Ngati banja lili pa Mtukula Pakhomo, kapena mwana ndi wamasiye, umboni wake ukhale pomwepo. Kunena pakamwa kuti madzi adatikokolera katundu sikukwanira, popeza ofunsira ambiri a kuchigwa anena zomwezo.

Zida za m'mawekishopu ena ndi zakale, ndipo m'makalasi odzaza ophunzira ambiri amadikirana makina amodzi. Mwana wamanyazi akhoza kutha teremu akungoonerera. Kwa mtsikana, malo ogona pa atachimenti makolo akawaone okha asanavomere. Ndipo mwana amene mtima wake uli pa unamwino kapena uphunzitsi musamukakamize chipande chifukwa cha kutchipa, adzasiyira panjira ndipo zida zija zidzakhala zotayika.

Amene alibe MSCE, kapena amene wagwira kale ntchito zaka zingapo kwa mmisiri pa Ngabu kapena pa Bangula, asayambirenso pachiyambi. TEVETA ili ndi dongosolo loyesa luso lomwe munthu adaphunzirira pantchito n'kumupatsa satifiketi, ndipo amalipira za mayeso m'malo mwa zaka za ku koleji. Za masiku ndi malo oyesera mukafunse ku ofesi yawo ya chigawo cha kummwera ku Blantyre, kapena muyambire ku ofesi ya zantchito pa Chikwawa kapena pa Nsanje boma.