Ngongole zopinyolitsa nyumba mu Harare: ndalama n'zachangu, koma samalani pepala

Timakampani tobwereketsa ndalama tomwe tadzaza m'tauni timakopa anthu ndi liwiro. Mukapita ndi title deed (chikalata cha umwini wa nyumba), chitupa ndi umboni wa malipiro, ndalama zimatuluka msanga kuposa kubanki. Apo sitingawanene. Kwa mwini nyumba ku Highfield kapena ku Mufakose amene akufuna mpamba wa bizinesi, chithandizochi n'chenicheni, bola kampaniyo ikhale ndi laisensi ya Reserve Bank of Zimbabwe. Ifunseni musanakhale n'komwe pampando.

Pomwe pagona nkhani ndi pa pepala losainira. Ngongole yolongosoka imalembetsedwa ngati mortgage bond (chikalata choti nyumba ndi chikole) ku Deeds Registry, ofesi ya boma yolembetsa malo ndi nyumba, kudzera mwa loya, ndipo nyumba imakhalabe m'dzina lanu. Akatapila ena amakupatsani agreement of sale (pangano logulitsa nyumba) ndi power of attorney (chikalata chowapatsa mphamvu yosaina m'malo mwanu), n'kumati "ndi mwambo chabe, mukabweza ting'amba." Mukasaina, pamapepala mwagulitsa nyumba. Makhothi savomereza pangano loti wobwereketsa angotenga chikole chifukwa mwalephera kubweza, koma kutsimikiza kuti kugulitsako kunali kwachiphamaso kumadya ndalama ndi zaka.

Ngongole ikakukanikani, malamulo amakutchinjirizani pang'ono. Chiwongoladzanja chosalipidwa chikafanana ndi ndalama yomwe yatsala pa ngongole, chimaima. Lamuloli amalitcha in duplum, ndipo obwereketsa ambiri sangakuuzeni. Ndime 74 ya Constitution ya 2013 imaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chigamulo cha khothi. Sheriff, yemwe amakwaniritsa zigamulo za khothi, akagwira nyumba yomwe mukukhalamo ndi banja kuti igulitsidwe, muli ndi masiku 10 kuchokera tsiku lolandira chidziwitso kuti mupemphe woweruza wa High Court aimitse okushoni. Pamafunika kuonetsa kuti banja livutika kwambiri, ndiponso ndondomeko yomveka ya kabwezedwe. Ambiri amaika kalatayo pansi pa matilesi, n'kudzadzidzimuka ataona nyumba yawo m'nyuzipepala.

Amayi, apa tcherani khutu. Ku Zimbabwe ukwati wokha sukupatsani umwini wa nyumba. Ngati deed ili m'dzina la bambo okha, atha kuipinyolitsa inu osadziwa. Lembetsani mayina onse awiri zinthu zikadali bwino.

Nyumba zambiri za m'malokesheni zili pa cession ya khonsolo (dzina lanu lili m'kaundula wa khonsolo chabe), zilibe deed, choncho bond singalembetsedwe. Wobwereketsa akati "palibe vuto, tingosintha dzina kukhonsolo," nyamulani mapepala anu muzipita.