Pollock kapena David Park: penti wongomwaza kapena munthu wooneka?

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ku New York fasho inali ya abstract, zojambula zopanda munthu, nyumba olo mtengo. Jackson Pollock kuyambira 1947 ankayala nsalu pansi nkumadonthezera penti ndi kamtengo uku akuizungulira, iwe ukayang'ana umangoona mizere yopiringizana, tanthauzo udzipezere wekha.

Mbali inayi kuli David Park wa ku California, nayenso ankapanga zomwezo koma zinamukwana mpaka ananyamula zithunzi zake za abstract nkukataya kudzala. Mu 1950 anajambula Kids on Bikes, ana ndi njinga basi, anzake ena nkumati mkuluyu wabwerera m'mbuyo. Koma taonani bwino, penti wake ngokhuthala, pomwe bulashi yadutsa pakuchita kuoneka, nkhope sizosalala ngati pa foto ayi, ndiye kuti za abstract zija sanazitaye zonse. Richard Diebenkorn, wojambula mnzake wa ku California komweko, anatsatira nkuyamba kujambula anthu cha mu 1955, pofika 1967 nkubwereranso ku abstract, eeh.

Ine ndili kwa Park. Za Pollock zimafuna uyime patsogolo pa chinsalu chenichenicho, pafoni zimafa, pomwe za Park olo pa kasikirini kakang'ono zimakugwira ndithu.