Makalasi a filosofi ya malamulo ku Chikanda

Anzanga a ku Chirunga amene filosofi ya malamulo ikukuzunguzani mutu, ku Chikanda kuli bambo ena opuma pantchito amene amaphunzitsa madzulo pakhonde pawo. Mtengo wake ngwabwino ndithu.

Chimene ndimawakondera n'chakuti sayankhula zam'mwamba. Pofotokoza za John Austin, katswiri wa filosofi ya malamulo wa ku England amene ankati lamulo ndi chimene wolamulira walamula ndipo wochiphwanya amalangidwa, anatikumbutsa lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauzi. Kodi linali lamulo lenileni? Kwa Austin, eya. Kwa Thomas Aquinas, wansembe wakale wa Chikatolika, lamulo lopanda chilungamo ndi lopotoka. Tinatsutsana mpaka mdima, iwo akungomwa tiyi m'kapu yawo yachitsulo. Kenako anatiwerengera gawo 5 la malamulo oyendetsera dziko a 1994, lomwe limati lamulo lililonse losemphana nawo lilibe mphamvu.

Logic (phunziro la kayalidwe koyenera ka mfundo) ya Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, amailemba ndi choko pakabolodi, pang'onopang'ono, mpaka uone pamene mfundo yako yaphotchoka.

Koma pa metaphysics (phunziro lofufuza chenicheni cha zinthu zonse) amathamanga. Funso loti munthu amasankhadi yekha zochita zake analidutsa mwachidule, chonsecho kulanga wolakwa kwatsamira pomwepo. Zimenezi zinandidandaulitsa.

Mipando njochepa, mufike molawirira.